Chidindo cha Simbi pa Jekete la Bambo Anga

Kuno ku Tete, kumene ndikuchita maphunziro a ukachenjede, munthu savala jekete mwa kufuna kwake. Dzuwa la m'chigwa cha Zambezi limavula aliyense, ndipo aphunzitsi athu akangolowa m'kalasi amapachika majekete awo kumsana kwa mipando, onse onyezimira mofanana ngati adadulidwa ku mpukutu umodzi wa nsalu. Ndikawayang'ana, mtima umabwerera kwathu kumapiri a Angoniya, kumene mphepo ya nyengo yachisanu imalowa mpaka m'mafupa, ndipo ndimakumbukira zovala ziwiri za bambo anga.

Choyamba chidali kazako. Anzathu a ku Dedza amati jekete, koma pakhomo pathu mawu akuti kazako ankatanthauza chovala chimodzi chokha, chimene agogo anga aamuna, bambo awo a bambo anga, adabwera nacho kuchokera ku migodi ya ku Joni. Agogowo ine sindidawaone. Kutalika kwawo ndidakudziwira pa manja a kazakoyo, amene ankafika mpaka m'zala za bambo, ndipo kukula kwa mapewa awo ndidakudziwira pa mmene nsalu inkalendewera mbali zonse ziwiri. Adali wa ubweya wa nkhosa weniweni, wotuwa ngati phulusa lonyowa, wokhala ndi timizere tofiirira timene munthu ankationa pokhapokha atayandikira. Ankasungidwa m'bokosi lachitsulo kunsi kwa kama, pakati pa masamba a fodya wouma amene amayi ankasintha chaka ndi chaka pofuna kupirikitsa njenjete. Sankachapidwa ndi madzi. Akada, bambo ankamupachika pamthunzi m'mawa, n'kumusasa fumbi ndi kamtengo, kenaka n'kumupukuta m'khosi ndi kansalu konyowa.

Nkhondo itafika m'dera lathu, bambo adali mnyamata wosakwatira. Pothawira ku Malawi adavala kazakoyo chifukwa kuvala kudali kopepuka kuposa kusenza. Kumsasa wa othawa nkhondo ankamufunda usiku, tsiku lokwatira amayi adavala yemweyo, ndipo mtendere utabwera adabwerera naye kumunda wa makolo awo, kufupi ndi Fonte Boa. Nkhani zimenezi bambo sankazikamba. Tidazimva kwa amayi, pang'onopang'ono, tikutong'ola chimanga pakhonde.

Nditakula ndithu moti n'kutha kunyamula simbi ya makala ndi dzanja limodzi, bambo adandipatsa ntchito yosita kazako Loweruka lililonse madzulo, kuti Lamulungu m'mawa akalowe naye m'tchalitchi. Adandiphunzitsa okha. Makala ankayenera kukhala a mtengo wolimba, odzaza simbi mpaka m'milomo. Ndinkaigwedeza uku ndi uku kuti mphepo ikoleze moto, ndipo ndikailavulira malovu n'kumva kuti tswee, ndiye kuti yakonzeka. Kazako ndinkamuyala pa bulangeti pamphasa, pamwamba pake n'kuyalapo nsalu yonyowa.

"Usathamange nayo simbi," ankatero bambo. "Ikhazike, uitsamire, uwerenge mpaka khumi. Ubweya ndi wouma mutu, koma susunga mkwiyo."

Nthunzi inkakwera, fungo la nkhosa ndi fodya n'kudzaza khonde lonse. Khala likagwera pansalu, ndinkangolisasa ndi chikhatho, kazako osaoneka chilichonse. Pa zinthu zonse za ubwana wanga, fungo limenelo ndi limene ndimalisowa koposa.

Bambo ankadziwa nsalu ngati mmene ena amadziwira ng'ombe. Tikapita kumsika wa ku Ulongwe, atagulitsa kachewere wawo, ankakonda kuima pa milu ya kalamidadi, zovala zakale zochokera kunja zimene a ku Malawi amati kaunjika. Kawirikawiri sankagula kanthu. Ankatola buluku kapena malaya, n'kuzitembenuza, n'kusolola kaulusi kamodzi mumsoko wam'kati, n'kukayatsa ndi machesi. Ulusi wa thonje unkayaka msanga ngati udzu, n'kusiya phulusa loyera. Wa ubweya unkanyeka monyinyirika, kununkha ngati mbuzi yowauka, n'kuzima wokha. Koma wa nayiloni kapena poliyesita unkathawa moto, kukhwinyata, n'kusanduka kambulu kakuda kolimba ngati njere ya therere.

"Jumbo iyi," ankatero bambo, akubwezera chovalacho pamulu. "Munthu wamkulu savala jumbo."

Ogulitsa ankawadziwa, ndipo akawaona akubwera ankafuula kuti, "Abwera aja otentha katundu wa eni!" Ine ndinkanyadira kukhala mwana wa munthu wodziwa chinthu chimene ena sankachidziwa.

Chaka chimene ndidali m'kalasi lakhumi, mlongo wanga wamkulu adapeza mwamuna, mwana wa banja lochita malonda kumalire, pa Kalomwe. A kuchimuna adapempha kuti pa tsiku la ukwati amuna akuluakulu a mbali zonse ziwiri avale fatu zofanana, jekete ndi buluku za nsalu imodzi, monga amachitira masiku ano. Nsalu adagula okha, yobiriwira mwakuda, yonyezimira ngati nthenga za bakha. Mbali yathu adasankha anthu awiri: bambo, ndi amalume, mchimwene wawo wa amayi, amene adali nkhoswe ya ukwatiwo.

Tidapita atatu kwa telala ku Ulongwe pa njinga ziwiri. Amalume adayesedwa poyamba, akuseka ndi kukoka mimba kuti iwoneke yaing'ono. Itafika nthawi ya bambo, adaima chilili ngati msilikali, nkhope ili gwa.

"Masukani, akulu, chingwechi sichiluma," adatero telala. "Tambasulani mkono."

Adawayesa m'mapewa, m'chifuwa, m'chiuno, n'kumalemba manambala pa kapepala. Atafika pa mkono, bambo adafunsa motsitsa mawu:

"Manja ake afika pati?"

"Pafupa apa, akulu, pamene payambira dzanja lanu. Nanga n'kufikanso pati?"

Bambo adayang'ana fupa la padzanja lawolo kwa nthawi yaitali. Ine ndidaona, koma sindidaganizepo kanthu. Potuluka bambo adatola kachidutswa ka nsaluyo pansi, n'kukayatsa pakhomo pomwepo. Kadakhwinyata, n'kudontha.

"Jumbo," adatero.

"Jumbo yomweyo muvala, alamu," adayankha amalume. "Kazako wanu uja wapita kumaliro ambiri. Akalowa pa ukwati, azimayi ayamba kulira mwa chizolowezi."

Bambo adaseka, ine n'kusekanso, ndipo mumtima mwanga ndidatsimikiza kuti fatu imeneyo adzaivala mokakamizika, pongofuna kulemekeza asewere awo. Itabwera kuchokera kwa telala, itapindidwa m'pepala, sadaiyese pamaso pathu. Adalowa nayo kuchipinda, n'kutseka chitseko, ndipo adakhalamo nthawi yokwanira kuphika nyemba zaziwisi. Potuluka adali atavala malaya awo akumunda.

Tsiku la ukwati kudacha ndi nkhungu yoti munthu sakadaona nkhokwe ali pakhonde. Mlongo wanga adali atagona kwa azakhali, kumene ankamukonzera. Pabwalo padali piringupiringu, azimayi akusenda kachewere, anyamata akumanga chisakasa. Bambo adandiitana, n'kundipatsa malaya awo oyera a thonje ndi fatu ija.

"Yakhala yopindidwa masiku ambiri," adatero. "Uichotse mizere."

Ndidadzaza simbi mpaka m'milomo monga mwa masiku onse. Malaya ndidasita bwino. Buluku ndidayalapo nsalu yonyowa, n'kudutsitsa simbi mofulumira chifukwa nthawi inkatha, ndipo mwa mwayi sadavulale. Koma jekete lidali ndi mzere umodzi kumsana, pakati pa mapewa, umene udakana kuchoka. Ndidadutsitsa simbi kawiri, katatu, mzere uli pomwepo. Pamenepo manja anga adachita zimene adazolowera zaka zonse zija. Ndidagwedeza simbi kuti moto ukolere, ndipo poona kuti nsalu yoyala ija yauma, ndidaichotsa n'kuiponya pambali. Ndidakhazika simbi pamzerepo, n'kuitsamira, n'kuyamba kuwerenga.

Sindidafike pa zisanu. Fungo lidandipeza poyamba, fungo lomwe lija la pakhomo pa telala. Ponyamula simbi, idakwera ndi ulusi wakuda wotamuka ngati ulimbo. Pamsana pa jekete padatsala chithunzi cha simbi yonse, chosongoka kumtunda, chotambalala kumunsi, chakuda ndi chonyezimira, ndipo pakati pake padali bowo loti n'kulowa zala zitatu. Ndidaika simbi pambali. Ine amene ndidaona ulusi wotere ukusungunuka kambirimbiri pamsika, sindidakumbukire ngakhale pang'ono kuti jekete lathunthu ndi ulusi womwewo.

Amayi ndiwo adayamba kufika. Adanyamula jeketelo, n'kupapasa m'mphepete mwa bowolo ndi chala.

"Chikhala ubweya ndikadaluka," adatero. "Apa singano ilowa pati? Pauma ngati chikopa cha ng'oma."

Bambo adatuluka m'bafa, thaulo lili paphewa. Adaima n'kuyang'ana. Sadakalipe, sadandifunse kanthu. Kukhala chete kwawoko kudandiopsa, ndipo pofuna kudzipulumutsa ndidalankhula mawu amene ndimachita nawo manyazi mpaka lero.

"Pepani, ababa. Komabe kazako alipo, ndimusita msanga. Pajatu mudanena nokha kuti iyi ndi jumbo."

"Ndi jumbo ndithu," adayankha. Adatenga jeketelo m'manja mwa amayi, n'kulitembenuza kuti alione kutsogolo, kumene kudali kwabwinobwino. "Iwe, ndili ndi zaka zingati ine? Chibadwire, chovala chilichonse chimene ndavala, wina adayamba watulutsiramo thukuta lake. Kazako ndi wa bambo anga. Kumsasa kuja tinkalandira za anthu amene sitidzawadziwa. Pamsika ndimagula za azungu akufa. Ili lokha ndi limene munthu adandiimika, n'kundiyesa, n'kudula nsalu akuganiza za ine."

Adasiyira pomwepo. Amayi adandiyang'ana, kenaka n'kuyang'ana kumbali. Pamenepo ndidamvetsa chimene bambo ankachita kuchipinda tsiku lija: ankayesa jekete lawo.

Nthawi yobwerera kwa telala padalibe, pakuti mwambo wa kutchalitchi unkayamba dzuwa likangokwera pang'ono, ndipo ulendo wapansi wopita kutchalitchiko, ku Fonte Boa, ndi wautali ndithu. Ndidapala chitsulo cha simbi ndi mpeni, n'kusita kazako misozi ikugwera pa nsalu yonyowa. Bambo adavala malaya oyera, buluku watsopano, ndi kazako pamwamba. Tidaganiza kuti jekete lopsalo alisiya, koma adalipinda mosamala, kumsana kuli m'kati, n'kulikoleka pamkono wamanzere. Adayenda nalo chomwecho njira yonse.

Amalume tidakumana nawo pamphambano, akunyezimira kuyambira m'khosi mpaka m'mapazi, mano akugundana ndi chisanu.

"Alamu, mwatani kodi? Mwavala theka la ukwati, theka la maliro?"

"Kwazizira," adatero bambo. "Inu pitirizani kunjenjemera m'jumbo mwanumo. Langa ndivala dzuwa likatuluka."

"Ha! Ndiye mwalinyamula ngati khanda lopita ku ubatizo?"

Amayi adawatsina amalume pamkono kuti aleke.

M'tchalitchi mudali mozizira ngati m'chitsime. Amuna asanu ovala fatu zobiriwira, amalume ndi anayi a kuchimuna, adakhala pa benchi lakutsogolo atapinda manja m'khwapa, ndipo bambo adakhala kumapeto kwawo, otuwa okha, jekete lili pamiyendo. Ine ndidali kumbuyo, ndipo sindidamve mawu amodzi omwe a ansembe. Ndinkangoyang'ana dzanja la bambo, limene nthawi yonseyo linkasisita kolala wa jeketelo pang'onopang'ono. Mlongo wanga potuluka adaima patsogolo pawo, maso ake n'kutsika kuchoka pa kazako kufika pa chopindidwa chija.

"Ababa, silidakukwaneni kodi?"

"Lidandikwana, mayi. Lidandikwana bwino kwambiri."

Pojambulitsa, wojambula adawapempha kuti avale jekete kuti afanane ndi anzawo. Adakana mwaulemu, n'kukaima kumapeto kwa mzere. Dzuwa lidatuluka tili m'njira yobwerera, ndipo pofika kunyumba amuna asanu aja adali atanyowa ndi thukuta m'misana, pakuti nsalu imene idalephera kuwafunditsa m'mawa idakananso kuwapitsira mphepo masana. Tsiku lina ndikadakondwa kuona kuti bambo adanena zoona. Tsiku limenelo ndidangozemba m'maso mwa anthu, n'kumatunga madzi amene palibe adandituma.

Anthu atadya, idafika nthawi ya perekaniperekani. Akwati adakhala pa mipando pansi pa chisakasa, zokuzira mawu zikulira, ndipo woyendetsa mwambo ankaitana magulu mmodzimmodzi kuti abwere akuvina ndi mphatso zawo. Adabwera a kuchimuna, adabwera anzake a mkwati a pamalire, adabwera azimayi a kwaya. Kenaka adaitana bambo a mkwatibwi.

Mphatso ya bambo idali mbuzi yaikazi, ndipo monga mwa mwambo wa kwathu ankayenera kupereka chingwe chake m'manja mwa mkamwini. Adaimirira, chingwe chili m'dzanja. Adayang'anayang'ana mpaka adandipeza kuseri kwa nkhokwe, n'kundikodola. Ndidapita pamene adali. Adavula kazako pamaso pa anthu onse, n'kundipatsa.

"Gwira."

Adafunyulula jekete lija, n'kulikutumula kamodzi, n'kulivala. Adamanga mabatani onse awiri, n'kukoka m'munsi mwake kuti likhale bwino. Kwa nthawi yoyamba ndidaona thupi lenileni la bambo anga, ndipo ndidadabwa kuti adali munthu wochepa mapewa, wowongoka, wooneka bwino. Anthu amene adali kutsogolo kwawo adawomba m'manja. Kenaka adayamba kuvina kulowera kwa akwati, msana n'kutembenukira ku khamu lonse.

Padayamba kunong'ona, kenaka mwana wina adafuula kuti, "Simbi!" Phwete lidabuka bwalo lonse. Ine ndidafuna nthaka itang'ambika. Amalume adalumpha pampando, n'kuthamangira kumbuyo kwa bambo, n'kuwerama ngati akuwerenga kalata.

"Anthuni, alamu anga adindidwa! Boma lawavomereza! Ife tonse tavala zopanda chidindo!"

Bambo sadaleke kuvina. Adatembenuka pang'onopang'ono, kuonetsa msana kumbali ya azimayi, kenaka kumbali ya alendo a ku Kalomwe, mapazi akuponda mwamphamvu monga amapondera angoni pa ngoma, fumbi likukwera m'mabuluku atsopano.

"Onani bwino, alamu!" adafuula. "Zanu zasokedwa zisanu zofanana. Mukazivula pamodzi mudzalimbirana. Langali ngakhale wakhungu adzalibweza kwa mwini wake!"

Azimayi adalulutira. Amayi, amene chiyambire m'mawa sadaseke, adamasula chitenje chapamwamba n'kukachiyala patsogolo pa mapazi a bambo. Mlongo wanga ankaseka ndi kulira nthawi imodzi, ndipo bambo atafika adapereka chingwe kwa mkamwini ndi manja awiri, n'kubwerera akuvinabe. Jeketelo sadalivulenso mpaka alendo omaliza atatsazika. Kazako adakhala m'manja mwanga madzulo onsewo, pakuti sindidadziwe pomuika, ndipo palibe adandiuza.

Za kupsa kwa jekete sitidakambiranenso. Sabata yonse yotsatira tidali kumunda, kukumba kachewere, ndipo bambo ankandilankhula za ntchito zokha. Ndinkayembekezera kuti Loweruka likafika ntchito yosita aipereka kwa amayi, ndipo ndidali wokonzeka kuvomereza, pakuti munthu wowononga chinthu chotero sayenera kupatsidwanso moto m'manja.

Loweruka madzulo ndidakhala dala kutali, ndikukonza unyolo wa njinga pansi pa mpichesi. Ndidamva bokosi lachitsulo likukwekwesedwa kuchipinda. Bambo adatuluka, n'kuyala bulangeti pamphasa okha. Pamwamba pake sadayale kazako. Adayala jekete lobiriwira, bowo lake amayi atalitseka m'kati ndi kachigamba ka nsalu yakuda.

"Iwe, bwera kuno ndi simbi."

Ndidabwera nayo, n'kugwada pambali pawo. Adaitsegula, n'kuyang'anamo, n'kuchotsa makala oposa theka ndi kamtengo. Adadikira mpaka chitsulo chidafika poti munthu n'kuchikhudza ndi chala osakuwa, kenaka adanyowetsa nsalu yoyala ija, n'kundipatsa.

"Ili silifuna kutsamiridwa. Uzingolipempha, n'kudutsa."

"Ababa, ndikaliwononganso?"

"Sita," adatero. "Pamene patsala osapsa ndi pakulu."

Ndidayambira kumanja, iwo atakhala pa mpando wawo akundiyang'ana, mpaka ndidamaliza mbali zonse.